Mseu Wopanda Kumpoto ndi Kumwera

Usiku wa Lachisanu pa 15 Marichi 2024, nthaŵi itakwana 9 koloko, bungwe loyang'anira miseu ikuluikulu ku England, la National Highways, lidatseka chigawo china cha mseu wa M25 umene umazungulira mzinda wa London. Chigawocho chidali chachifupi, makilomita 8 okha, pakati pa mphambano ya nambala 10 ndi ya nambala 11 m'dera la Surrey, ndipo ntchito imene idatseketsa mseuwo idali yogwetsa mlatho wakale ndi kuimika chitsulo chachikulu chopachikapo zikwangwani. Chitsegulireni mseuwo mu 1986, aka kadali koyamba kuti autseke mwadala mbali zonse ziŵiri, usiku ndi usana womwe. Nyuzipepala za kumeneko zidalosera chipwirikiti choopsa. Koma anthu ambiri adamvera chenjezo nakhala kunyumba, ntchito idayenda msanga, ndipo mseu udatsegulidwa Lamulungu usiku, kutatsala maola 8 kuti nthaŵi imene adalonjeza ikwane.

Choyenera kukumbukira pa nkhaniyi ndi pempho limene akuluakuluwo adapereka kwa oyendetsa galimoto. Adawapempha kuti asamvere makina olozera njira a m'galimoto kapena a m'foni, koma atsate zikwangwani zimene zidaikidwa m'njira yolambalala. Chifukwa chake chidali chomveka. Foni iliyonse imafunira mwini wake njira yachidule, ndipo mafoni zikwizikwi akasankha kanjira kamodzi ka m'mudzi nthaŵi imodzi, kanjirako kamadzaza mpaka palibe wosuntha. Komatu pempholi lidali lovuta kulitsata kuposa kulinena. Munthu amene wakhala zaka khumi akuuzidwa ndi foni kuti akhotere kumanzere kapena kumanja, tsiku limene foniyo yaletsedwa amazindikira kuti mzinda umene ankayesa kuti amaudziŵa sadauphunzire konse. Ndipo malo amene umbuli wotere umaonekera msanga ndi pa mseu wozungulira.

Maganizo omanga miseu yozungulira London ndi akale. Patrick Abercrombie adaŵalemba m'mapulani a mzindawo a mu 1944, ndipo m'zaka za m'ma 1960 padali cholinga chomanga miseu inayi yotere, wina m'kati mwa unzake. Anthu amene nyumba zao zikadagwetsedwa adakana kwamtuwagalu, ndipo ya m'kati mwa mzinda idasiyidwa mu 1973. Zigawo za miseu iŵiri yakunja ndizo zidalumikizidwa nkukhala M25, imene Margaret Thatcher adaitsegula pa 29 Okutobala 1986. Kutalika kwake ndi makilomita 188, kapena kuti mailosi 117, ndipo kufupi ndi bwalo la ndege la Heathrow kumadutsa galimoto pafupifupi 200,000 pa tsiku.

Tsono vuto lake nali. Munthu wochoka ku Lilongwe pa mseu wa M1 wa kuno ku Malaŵi kupita ku Mzuzu amadziŵa kuti akuloŵera kumpoto. Mseu ukhote chotani pa Chikangawa, kumpoto kumakhalabe kutsogolo kwake, ndipo akatembenuka ndiye kuti wayang'ana kumwera. Mseu wotere uli ndi mutu ndi mchira. Chicheŵa nachonso chidazoloŵera dziko lotere, pakuti maina a mbali zinai za dziko adachokera ku zinthu zosasunthika: kum'maŵa ndi kumadzulo zimatsata dzuŵa, ndipo kumpoto, kumwera, kuvuma ndi kuzambwe ndi kumene kumachokera mphepo za mpoto, mwera, vuma ndi zambwe, zimene msodzi aliyense wa ku Nkhotakota amazidziŵa pakhungu pake. Mseu wozungulira umaphwanya dongosolo lonseli. Woyendetsa galimoto amene waloŵa M25 cha ku Heathrow, kumadzulo kwa London, nkuyamba ulendo atayang'ana kumpoto, pakapita kanthaŵi amapezeka akuloŵera kum'maŵa, kenaka kumwera, kenaka kumadzulo, mpaka kubwerera pamene adayambira, osakhotera m'mseu wina ngakhale kamodzi. Kumufunsa ngati mseu wakewo ukupita kumpoto kapena kumwera nkumufunsa funso lopanda yankho.

Angerezi adapeza yankho lao pa nkhope ya wotchi. Wailesi ikamalengeza za ngozi kapena kuthithikana kwa galimoto pa M25, imanena kuti vutolo lili mbali yoyenda motsata mivi ya wotchi, kapena mbali yoyenda motsutsana nayo. Kuti izi zimveke, munthu ayenera kuyerekeza kuti wayala wotchi yaikulu pamwamba pa mapu a London, nambala 12 ili kumpoto. Akatero, Dartford, kumene mseu umaoloka mtsinje wa Thames, ali pa 3 koloko. Mphambano yopita ku bwalo la ndege la Gatwick ili pa 6 koloko. Heathrow ali pa 9 koloko. Ndipo mseu wa M1 wa ku England, wopita ku Luton ndi ku Leeds, umadutsa cha m'ma 11 koloko. Woyenda motsata mivi amakhala akuloŵera kumpoto akakhala pa 9, kum'maŵa akakhala pa 12, kumwera akakhala pa 3, ndi kumadzulo akakhala pa 6. Mbali ya dziko imasintha, koma dzina la mbali ya mseu silisintha.

Mmalaŵi ali ndi mwaŵi pang'ono pamenepa, popeza ku Britain galimoto zimayenda kumanzere monga kuno. Aliyense amene adakwerapo minibasi ku Blantyre kapena ku Lilongwe adaona kuti pa raundabauti galimoto zimazungulira motsata mivi ya wotchi, ndipo kachilumba ka pakati kamakhala ku dzanja lamanja. M25 ili ngati raundabauti yaikulu imene kachilumba kake ndi mzinda wa London, kusiyana kwake nkwakuti ili ndi mbali ziŵiri. Woyenda motsata mivi, mzinda umakhala kumanja kwake, ndipo popeza akuyenda kumanzere kwa mseu, iye ali m'mbali yakunja. Woyenda motsutsana ndi mivi, mzinda uli kumanzere kwake, ndipo ali m'mbali yam'kati. Lamulo limeneli ndi lophweka, koma limagwira ntchito m'maiko oyenda kumanzere okha. Mzinda wa Paris uli ndi mseu wake wozungulira, Boulevard Périphérique, wa makilomita 35, umene udamalizidwa mu 1973. Afalansa satchula za wotchi. Amangonena kuti mbali yam'kati ndi mbali yakunja. Koma popeza iwo amayenda kumanja, mbali yam'kati ndiyo yotsata mivi ya wotchi. Mngerezi wooloka nyanja atanyamula lamulo lakwao m'mutu amasokera pa mphambano yoyamba.

Wina angayese kuti nkhani yathera pomwepo, koma ai. Mau a wotchiwo ndi a pa wailesi ndi a pakamwa pa anthu. Zikwangwani zikuluzikulu za pamseu sizilankhula chinenero chimenecho. Munthu akamayandikira M25, chikwangwani chimamupatsa maina a malo ndi manambala a miseu ina: mbali iyi Watford, M40 ndi M1, mbali iyo Gatwick, M3 ndi M23. Malo ena amaonjezerapo chilembo chosonyeza kumpoto kapena kumadzulo, koma chilembocho ndi choona pa malo okhawo, pakuti mbali yomweyo ya mseu imene pano yalembedwa kuti kumpoto, kutsogolo idzalembedwa kuti kum'maŵa. Motero chikwangwani chimathandiza munthu amene akudziŵa kale kumene Watford ali. Kwa mlendo amene sadamvepo dzinalo, chikwangwanicho chili ngati kalata yolembera munthu wina, ndipo ali ndi timphindi toŵerengeka kuti asankhe, galimoto ikuthamanga makilomita 100 pa ola, malole ali kumbuyo.

Chimene chimapulumutsa ambiri ndi manambala a mphambano. Adayamba kuŵerenga ku Dartford, nambala 1, nkumakwera motsata mivi ya wotchi mpaka nambala 31 kutsidya la kumpoto kwa Thames. Tsono manambala akamakwera ndiye kuti munthu akuyenda motsata mivi, ndipo akamatsika akuyenda motsutsana nayo. Tiyerekeze mphunzitsi wa ku Zomba amene wapita kukachita maphunziro ku Britain, ndipo mbale wake wamchingamira ku Heathrow kuti apite naye kufupi ndi Gatwick. Heathrow ali pa mphambano 14 ndi 15, ndipo njira ya ku Gatwick imapatuka pa mphambano 7. Ayenera kuona 13, 12, 11, akutsika. Akaona 16 adziŵe kuti alakwa, ndipo chanzeru nkupatuka pa mphambano yoyamba imene ingaŵalole kutembenuka. Zoona, mseu wozungulira uli ndi chifundo chakuti wosokera akaumirira amakafikabe, koma chifundo chimenechi mtengo wake ndi makilomita oposa 100 a petulo. Malo amodzi okha ndiwo amasokoneza chiŵerengerochi, ndiwo pa Dartford pomwepo, pamene 31 imatsatidwa ndi 1. Pamenepo ngakhale dzina la mseu limasintha nkukhala A282, ndipo oyenda motsata mivi amaoloka pa mlatho wa Queen Elizabeth II wa mu 1991, pamene anzao obwera mbali inayo amadutsa pansi pa mtsinje m'ngalande ziŵiri za mu 1963 ndi 1980.

Palinso chinenero chachitatu, cha tizikwangwani tating'ono tobiriŵira ngati thambo timene tidaimikidwa m'mbali mwa mseu pa mamita 500 alionse. Pamwamba pamalembedwa dzina la mseu, pakati chilembo A kapena B, ndipo pansi nambala ya makilomita. Pa M25, A ndi mbali yotsata mivi ndipo B ndi inayo. Tidaikidwa chifukwa anthu oonongekeredwa galimoto ankaimba foni kupempha thandizo koma osatha kunena kumene ali. Kungoti boma lidafika poika tizikwangwani totere ndi umboni wakuti anthu ambiri amayenda pa mseuwu asakudziŵa mbali imene ali.

Nanga nchifukwa ninji munthu wanzeru zake, wodziŵa kuŵerenga, amasokonezeka chotere? Mbali ina ya yankho ili m'masamu a fomu 2. Mzere wozungulira wa makilomita 188 uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera pakati pake. Kukhota kwa mzere waukulu chotere nkwapang'onopang'ono kwambiri, kotero kuti thupi silikumva. Maso amaona mseu woongoka wokhala ndi timakona tapatalipatali, tina topita kumanja, tina kumanzere. Koma galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imamaliza gawo limodzi mwa magawo anai a mzerewo, makilomita 47, m'mphindi zosakwana 30. Ndiye kuti pa theka la ola munthu amene adayang'ana kumpoto wayang'ana kum'maŵa, mtima wake ukumuuzabe kuti kumpoto kuli kutsogolo. Akapatuka, zonse zimene akuganiza zapendekeka. Akatsŵiri a maganizo a munthu adaona kalekale kuti pokumbukira njira, anthu amaongola miseu yokhota ndi kusandutsa makona opendekeka kukhala olunjika bwino. Chizoloŵezi chimenechi sichivulaza m'tauni ya miseu yoongoka, koma pa mseu wozungulira chimanamiza.

Ngakhale dzuŵa, limene kuno ndi mboni yokhulupirika, kumeneko limachita zachilendo. Ku Malaŵi, miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuŵa la masana limapendekera kumpoto. Ku London dzuŵa la masana limakhala kumwera chaka chonse, ndipo mu Disembala limaloŵa 4 koloko isanakwane, ngati mitambo yalola kuti lioneke nkomwe. Mlendo wochokera kuno amene amadalira mthunzi wake ayenera kuphunzira kuuŵerenga mwatsopano.

Mbali ina ya yankho ili mu ubongo. Mu 1948 Edward Tolman, wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, adafalitsa zimene adapeza pa makoswe. Iye ndi anzake adaphunzitsa makoswe kanjira kokhotakhota kopita ku chakudya, kenaka adatseka kanjirako nkutsegula tinjira tambiri toloza mbali zosiyanasiyana. Kanjira kamene makoswewo adakasankha kuposa tina tonse kadali koloza kumene kudali chakudya, ngakhale sadadutsemo nkale lonse. Tolman adati ichi chikusonyeza kuti nyama siloŵeza pamtima mndandanda wa makona okha, koma imajambula mapu m'mutu. Anzake ambiri a nthaŵi imeneyo sadakhutire. Koma mu 1971 John O'Keefe, wa pa University College London, adapeza maselo a mu ubongo wa khoswe, m'chigawo chotchedwa hippocampus, amene amagwira ntchito pokhapokha khosweyo ali pa malo akutiakuti. Mu 2005 May-Britt Moser ndi Edvard Moser a ku Norway adapeza maselo ena amene amagaŵa malo m'timagawo tofanana, ngati mizere ya pa mapu. Atatuŵa adalandira mphotho ya Nobel mu 2014.

Umboni wokhudza anthu udachokera ku London komweko. Kuti munthu aloledwe kuyendetsa takisi zakuda za mumzindawo, ayenera kupambana mayeso otchedwa The Knowledge. Amaloŵeza njira 320 ndi miseu pafupifupi 25,000 ya m'kati mwa mailosi 6 kuchokera pa Charing Cross, ndipo ambiri zimaŵatengera zaka zitatu kapena zinai akuzungulira pa njinga zamoto, mapu ali patsogolo. Pa mayeso, woyesa amatchula malo aŵiri, ndipo woyesedwa amanena pakamwa njira yonse, mseu ndi mseu, popanda pepala. Mu 2000 malemu Eleanor Maguire ndi anzake adajambula ubongo wa madalaivala 16 otere napeza kuti mbali yakumbuyo ya hippocampus yao idali yokulirapo kuposa ya anthu ena, ndipo idali yokula kwambiri mwa amene adagwira ntchitoyo zaka zambiri. Otsutsa adati kapena anthu obadwa ndi ubongo wotere ndiwo amasankha ntchitoyi. Poyankha, Maguire ndi Katherine Woollett adatsatira ophunzira 79 kuyambira pachiyambi, ndipo mu 2011 adalengeza kuti kukulako kudaoneka mwa 39 amene adapambana mayeso, osati mwa amene adalephera kapena kusiyira panjira.

Koma kafukufuku wothandiza kwambiri pa nkhani ino ndi wa mu 2006, pamene adayerekeza madalaivala a takisi ndi a mabasi a mumzinda womwewo. Onse amakhala pa chiongolero tsiku lonse, onse amapirira phokoso ndi utsi womwewo. Kusiyana kwao nkwakuti wa basi amatsata njira imodzimodzi imene adapatsidwa, pamene wa takisi amapanga njira yatsopano pa ulendo uliwonse. Kukula kuja kudapezeka mwa a takisi okha. Apa mpamene pakuonekera kuti kudziŵa njira ndi kudziŵa malo ndi zinthu ziŵiri. Wodziŵa njira ali ngati mlendo amene wauzidwa kuti, mukafika pa chigayo mukhotere kumanja, mukadutsa mkuyu waukulu mufunse nyumba ya aphunzitsi. Malangizo otere ndi abwino malinga chigayo chilipo ndipo mkuyu sudadulidwe. Wodziŵa malo ndi mwana wa m'mudzimo, amene mlatho ukakokoloka amadziŵa kumene angaolokere, chifukwa m'mutu mwake mudzi wonse ukuoneka nthaŵi imodzi. Pamene M25 idatsekedwa, idali ngati chigayo chachotsedwa.

Foni imapereka chidziŵitso cha mtundu woyamba uja, ndipo imapereka mwaluso kwambiri. Mu 2017 gulu la Hugo Spiers, la pa University College London, lidayesa anthu 24 amene ankayenda m'miseu ya Soho yoonetsedwa pa kompyuta, ubongo wao ukujambulidwa. Pamene ankasankha okha njira, hippocampus inkatakataka akaloŵa mseu wokhala ndi mphambano zambiri. Pamene ankangotsata malangizo, kutakatakako sikunkaoneka. Sichingakhale chilungamo kunena kuti kafukufuku ameneyu watsimikiza kuti foni imaononga ubongo, pakuti sadayese zimenezo. Chimene adasonyeza nchakuti munthu wotsogozedwa saŵerengera njira, ndipo zikatero nkovuta kuti aisunge. Sichingakhalenso chanzeru kunyoza makinaŵa. Namwino wa ku Malaŵi amene wangofika kumene ku England, nayenera kukafika ku nyumba zisanu za odwala tsiku limodzi m'tauni yachilendo, foni ndiyo imamusungira ntchito. Foni imadziŵanso za ngozi imene yachitika mphindi zisanu zapitazo, zimene mapu a pepala sangadziŵe. Akale adati kufunsa ndi kudziŵa njira, ndipo foni ndi munthu wofunsidwa amene satopa.

Kuipa kwake kumabwera pamene wofunsayo alibe poyesera yankho. Mu Meyi 2024 chigawo china cha M25, pakati pa mphambano 9 ndi 10, chidatsekedwanso kumapeto a sabata. Njira yolambalala idali ya makilomita pafupifupi 30, ndipo idaloŵa pang'ono m'dera la London limene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipira mapaundi 12.50 pa tsiku. Akuluakulu adalengeza kuti wotsata zikwangwani sadzalipira, koma wopatuka pa njirayo nkuloŵa m'deralo chifukwa foni yamuuza zachidule, adzalipira ngati galimoto yake ndi ya mtunduwo. Woyendetsa wokhala ndi mapu m'mutu akadatha kuzindikira kuti kanjira kachidule kameneka kakuloŵera m'kati mwa mzinda. Wopanda mapu sakadadziŵa mpaka kalata ya chindapusa itafika.

Amalaŵi ambiri amene amakumana ndi mseu wozungulira amakumana nawo ku Johannesburg. Kumeneko mzerewo udapangidwa ndi miseu itatu, N1 kumadzulo, N3 kum'maŵa ndi N12 kumwera, ndipo uliwonse umasunga dzina lake ndi mbali zake. Basi yochokera ku Beitbridge kudzera ku Pretoria imaupeza pa mphambano ya Buccleuch. Zotsatira zake nzakuti pa chigawo chimene N3 ndi N12 zimayendera pamodzi, kuyambira pa mphambano ya Gillooly's, mbali imodzi ya mseu imatchedwa kumwera ndi kumadzulo nthaŵi imodzi. Palibe bodza pa chikwangwanicho, pakuti N3 ikupita ku Durban ndipo N12 ikupita ku Kimberley, koma mnyamata wa ku Mangochi amene wapeza ntchito yoyendetsa galimoto yoperekera katundu sangachimvetse asanaone mzinda wonse pa pepala.

Kevin Lynch, mphunzitsi wa kamangidwe ka mizinda ku America, adalemba buku lotchedwa The Image of the City mu 1960, atapempha anthu a ku Boston, Jersey City ndi Los Angeles kuti ajambule mizinda yao kuchokera m'mutu. Adapeza kuti anthu amamanga mapu ao ndi njira, malire, madera, mphambano ndi zizindikiro zooneka patali, ndipo kuti mizinda ina njosavuta kuisunga m'mutu kuposa ina. Blantyre ndi mzinda wachifundo pa nkhaniyi, chifukwa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru amaoneka pafupifupi paliponse, ndipo munthu akangokweza maso amadziŵa kumene wayang'ana. Lilongwe, amene adakhala likulu mu 1975, ali pa chigwa chopanda mapiri otere pafupi, ndipo manambala a madera ake satsata malo: Area 25 ili kumpoto cha ku Kanengo, pamene Area 24 ili kutali kumwera. Mnyamata kapena mtsikana womaliza fomu 4 amene wabwera kudzafuna ntchito amaphunzira msanga siteji ya minibasi ya ku Area 25 ndi ya ku Area 23, koma amatha chaka asakudziŵa kuti maderaŵa ali mbali ziti za mtsinje wa Lilongwe. Tsiku limene wasoŵa ndalama ya minibasi nayenera kuyenda pansi, amatsata mseu wa minibasi womwewo, ngakhale pali njira yachidule.

Aphunzitsi a jogalafe ali ndi mbali yao pamenepa. Kuŵerenga mapu kumaphunzitsidwa kaŵirikaŵiri ngati masamu a mayeso: kupeza manambala a malo, kuyeza mtunda ndi ulusi, kutchula tanthauzo la zizindikiro. Zonsezi nzofunika, koma wophunzira akhoza kukhoza bwino lomwe osatha kuloza ndi chala kumene kuli kwao ataimirira pa bwalo la sukulu. Mankhwala ake safuna ndalama. Ophunzira ajambule kuchokera m'mutu njira ya kunyumba kufika kusukulu, aikepo muvi wa kumpoto, kenaka atuluke panja ayerekeze ndi dzuŵa. Mphunzitsi afufute mlatho umodzi pa chojambulacho nkufunsa njira ina. Ajambule mzere wozungulira pa bolodi, aike matauni anai pa 12, 3, 6 ndi 9, afunse kuti wochoka pa 6 kupita pa 9 ayamba wayang'ana kuti, amaliza wayang'ana kuti, ndipo pakati pa mzerewo pali ku dzanja liti. Funso lomalizali limagwetsa ngakhale ana anzeru, chifukwa limafuna kuti munthu aone mapu kuchokera kumwamba ndiponso adziike m'galimoto nthaŵi imodzi. Mapu a pa khoma amaika kumpoto pamwamba masiku onse, pamene woyenda pamseu pamwamba pake ndi kutsogolo, ndipo luso lonse lagona pa kusintha kuchoka pa kaonedwe kena kupita pa kena.

Lilongwe alibe mseu wozungulira wathunthu, koma ali ndi chiyambi chake. Mseu wolambalala wa kumadzulo, wa makilomita pafupifupi 13, umapatuka pa M1 kufupi ndi mphambano ya ku Bunda nkukatulukira pa mseu wa ku Mchinji, kuti malole opita ku Zambia asadutse m'kati mwa tauni. Dalaivala wochokera ku Dedza amafika pamenepo atayang'ana cha kumpoto, amakhotera kumanzere, ndipo tauni yonse imatsala ku dzanja lake lamanja. Pa wotchi yoyalidwa pamwamba pa Lilongwe, iye wachoka pa 6 kuloŵera ku 9 motsata mivi, monga momwe amachitira munthu wochoka ku Gatwick kupita ku Heathrow.